Chipinda Chachiwiri

Usiku wakhwima ku Kanengo.
Malole a fodya agona pamzere kunja kwa mpanda,
ine ndili m'kachipinda kozizira ngati m'mawa wa Juni,
ndabwereka juzi kwa alonda,
ndikuyang'anizana ndi rauta yophethira timaso tobiriwira.

Lero ndikuyisintha ubongo.
Anzanga amati fimuweya,
kapulogalamu kobisala mkatikati mwa chitsulo,
kouza uthenga uliwonse njira yake.

Sungeni akuyasamula.
Akuti, akulu dinani basi,
minibasi yomaliza ya ku Mchesi siyidikira munthu.
Ndamukokera mpando.

Sanaliko iye zaka zinayi zapitazo
pa nsanja ya ku Chinsapo, mvula ili pakhosi.
Fayilo inabwera yoduka mchira, ine osayiyeza,
ndinadina ndikuganiza za nsapato zanga zonyowa.
Mzere unakwawa, unakwawa,
magetsi phethu.
Pomwe ankayaka, rauta inali chibuma.
Masiku atatu kachipatala kosatumiza zotsatira za magazi.
Mayi Nasimango a pa kanyumba ka ndalama za pafoni
anangondiyang'ana,
osatukwana,
bola akanatukwana.
Ndinakwera nsanja ija waya ali kumano
kukanong'oneza chitsulo chakufa kuti chikumbuke dzina lake.

Choncho Sungeni, werenga nane.
Fayilo iliyonse ili ndi chidindo chake,
zilembo ndi manambala makumi asanu ndi limodzi kudza zinayi.
Ine ndiwerenga za wopanga, iwe za imene tatsitsa.
Zinayi zinayi,
ngati osintha ndalama amene sakhulupirirana.
Chimodzi chokha chikasiyana, tiyitaya,
ngakhale itaoneka yonenepa bwanji.

Zafanana.
Siginecha ya mwini wake nayo rauta yaivomera,
pakuti mlendo wopanda kalata salowa muno.
Batire ladzaza, ndaligwira ndi dzanja, silikutentha.
Makonzedwe akale ndawakopera pa kafulashi
kamene kamagona m'thumba la malaya, pafupi ndi chiphaso.

Tsono ona ichi, mwana wa kwathu.
Chitsulochi chili ndi zipinda ziwiri.
Watsopano timulowetsa m'chopanda kanthu,
wakale akhale momwemo ndi mphasa yake.
Sugwetsa nyumba ya zidina
usanagone usiku wamvula m'ya malata.

Ndadina.

Khumi. Makumi atatu.
Kunja galu akuuwa sitima yosabwera.
Makumi asanu,
mababu aphethira, afa,
batire layamba kulira ngati mwanapiye wotayika.
Sungeni wagwira m'kamwa.
Mzere sunaime. Wafika.

Rauta yatseka maso kuti idzuke ina.
Mkati mwake muli kamlonda kowerenga mphindi zisanu:
watsopano akapanda kuyankha kuti ndilipo,
kamatsegula chitseko cha wakale.

Mphindi imodzi.
Ziwiri. Kuwala kwachikasu, kenako zii.
Ndikumva wotchi ya pamkono.
Kuona maso a nkhono, amatero,
koma nkhono yanga ndi ya mamiliyoni
ndipo bwana agona foni ili pamutu.
Zinayi.
Zisanu.

Watsopano sanayankhe.
Chifukwa sindikuchidziwa, ndidzachifufuza kukacha.
Koma taona, timaso tija
kamodzi, kawiri, tonse mbee kubiriwira,
wakale wadzuka, watola ntchito pomwe anaisiya.
Ku Kawale wina akutumizira mayi ake ya feteleza,
ku Bwaila namwino akutsegula dzina la wodwala,
palibe wadziwa kuti usiku uno panali maliro olephereka.

Sungeni akuti, ndiye talephera?
Ndikulemba m'buku: sizinatheke, palibe chafa.
Ndabweza juzi kwa alonda.
Minibasi inapita kalekale,
tikudikira kabaza wa njinga yamoto pa geti,
iye akubwereza chamumtima zilembo zinayi zoyamba zija
ngati nambala ya foni ya munthu
amene akufuna kudzamuimbira.